Mukaitanidwa Kukalankhula Pamaso pa Bodi

Kabuku aka talembera munthu amene wauzidwa kuti akaonekere ku msonkhano wa bodi n'kukafotokoza nkhani. Mwina ndinu manijala wa kopaletivi ya alimi a mtedza ndi mpendadzuwa. Mwina mumasunga mabuku a ndalama ku SACCO ya aphunzitsi, kapena mumayang'anira nthambi ya kampani paboma lakwanu. Mwinanso ndinu mayi wa bizinesi yanuyanu amene mukufuna kuti kampani yaikulu izikugulani katundu. Zimene bodi yagamula m'chipinda chotseka zimafika ndithu pakhomo: ntchito ipitirira kapena itha, malipiro akwera kapena ayi, mbewu za mamembala zipeza msika kapena zifumbwa m'matumba. N'chifukwa chake kukonzekera si kwa wolankhula yekha. A pabanja nawonso ali ndi mbali yawo.

Bodi ndi ndani?

Bodi ndi anthu amene asankhidwa kuti ayang'anire chuma cha eni ake. Ku kampani amasankhidwa ndi eni masheya, ndipo wa masheya ambiri mawu ake amalemera. Ku kopaletivi amasankhidwa ndi mamembala pa msonkhano waukulu wa pachaka, membala aliyense voti imodzi, kaya anagulitsa matumba 2 kaya 200. Malamulo a dziko lino anawasenzetsa katundu wolemera. Lamulo la makampani la 2013 limafuna kuti dairekitala azichita zinthu mokhulupirika ndi mokomera kampaniyo, osati thumba lake. Makopaletivi amayendera lamulo la 1998, ndipo ma SACCO ali ndi lawo la 2011, limene linawaika m'manja mwa Reserve Bank of Malawi kuti iziwayang'anira. Ndalama zikasokonekera, bodiyo ndiyo yoyamba kufunsidwa ndi odita, mamembala, ngakhalenso khoti.

Mukamvetsa zimenezi, nkhope zolimba za mamembala a bodi simuziopanso. Anthuwa sakudana nanu, akusamala ndalama zimene si zawo. Komanso sakhala pantchitopo tsiku ndi tsiku ngati inu. Mabodi ambiri amakumana kamodzi pa miyezi itatu, ena kamodzi pamwezi, ndipo tsikulo ajenda imakhala yodzaza. Akamakumvetserani, m'mutu mwawo mumazungulira mafunso atatu okha: mukufuna tigamule chiyani, zidya ndalama zingati ndipo zibwerera liti, nanga chimene chingalakwike n'chiyani? Wolankhula amene wayankha atatuwa wagwira ntchito yake, ngakhale atachita chibwibwi. Amene sanayankhe walephera, ngakhale Chingerezi chake chitakhala chothyakuka.

Yambani ndi chimene mwadzera

Ife tinaleredwa kuti nkhani yaikulu saiyambira pamutu. Amalume akapita kukafunsira mbeta satchula dzina la mtsikana atangokhala pansi. Amayamba afunsa za moyo, za mvula, za ulendo, ndipo nkhani yeniyeni imatuluka mitima itakhazikika. Umenewu ndi ulemu, ndipo pamalo pake ndi wabwino. Koma mu bodi mwapatsidwa mphindi 10 kapena 15 zokha. Ambiri amathera mphindi zimenezi pofotokoza mmene bungwe linayambira, mavuto amene akumana nawo, maulendo amene ayenda, ndipo pamene akuti afike pa pempho, a Wapampando ayang'ana kale wotchi. Nkhani yabwino imafera pamenepo. Bodi sinaikane, koma sinaimve n'komwe.

Ulemu usasowe, koma ukhale waufupi. Pemphero lachitika kale, malonje achitika kale. Tiyerekeze kuti ndinu manijala wa kopaletivi ndipo mukufuna makina oyengera mafuta a mpendadzuwa. Nambala zili m'munsizi n'zongoyerekezera, inu mudzaika zanu. Mungayambe chonchi:

"A Wapampando, mamembala a bodi, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Ndabwera kudzapempha bodi kuti ivomereze kugula makina oyengera mafuta a mpendadzuwa pa mtengo wa K15,000,000. Pa ndalamazi, K5,000,000 ichoke m'thumba lathu losunga, K10,000,000 tikongole. Tikatero tisiya kugulitsa mpendadzuwa wosayenga kwa mavenda, ndipo ndalamazi zibwerera m'chaka chachitatu. Ndifotokoza mmene ndawerengera, kenako ndinena zinthu ziwiri zimene zikundidetsa nkhawa."

Mawu amenewa satha ngakhale mphindi imodzi, koma aliyense m'chipindamo wadziwa chimene akumvetsera. Msungichuma watenga kale cholembera. Zonse zimene mudzanene pambuyo pake zili ndi pokolekera. Ngakhale magetsi atathima kapena mlendo wamkulu atalowa n'kudula msonkhano, pempho lanu lamveka.

Muzipempha chinthu chimodzi. Mukabwera ndi makina, njinga yamoto, kukonza denga la nyumba yosungira katundu ndi kukweza malipiro a alonda pa ulendo umodzi, bodi idzasankha chotchipa n'kuvomereza, zinazo n'kuti "tidzaona". Ngati mwangoitanidwa kudzapereka lipoti popanda chopempha, nenaninso poyambirira pomwe: "Lipoti ili ndi lakuti bodi idziwe, palibe chofuna chigamulo lero."

Nambala zikhale zochepa, koma zanu

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, choncho tikhalitsapo. Pali amene amabwera opanda nambala, n'kumangoti "phindu lake ndi lambiri" kapena "sizidya ndalama zochuluka". Bodi singalembe "lambiri" m'maminitsi. Pali enanso amene amabwera ndi masamba 20 a manambala ang'onoang'ono ochokera mu kompyuta, amene ngakhale iwo eni sangawafotokoze akafunsidwa. Onsewa amabwerera chimanjamanja.

Sankhani nambala zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimene nkhani yonse yatsamirapo, ndipo muzidziwe pamtima pamodzi ndi kumene zachokera. Pa chitsanzo chathu chija, mtengo wa K15,000,000 uyenera kukhala wa zonse: makinawo, kunyamula, kuika, kukoka magetsi, kuphunzitsa woyendetsa. Makina ambiri otere amafuna magetsi a thiri fezi, ndipo ngati pamalo panu palibe, mtengo wokokera ukhoza kusintha nkhani yonse. Musadikire kuti membala wa bodi akukumbutseni zimenezi pagulu.

Ndiyeno onetsani mmene ndalama zibwerere, pang'onopang'ono, moti mlimi amene sanapite patali ndi sukulu atsatire. Tinene kuti mukachotsa mtengo wa mpendadzuwa, magetsi, mabotolo ndi malipiro, pamatsala K900,000 pamwezi. Koma makina sagwira ntchito chaka chonse, chifukwa mpendadzuwa umatha. Tinene miyezi 8. Ndiye kuti pachaka ndi K7,200,000. Zaka ziwiri ndi K14,400,000, kutanthauza kuti K15,000,000 ija sinakwane, ndipo chiwongoladzanja cha ngongole sitinachiwerengere. N'chifukwa chake mwanena kuti chaka chachitatu. Munthu wofuna kusangalatsa bodi akanachulukitsa K900,000 ndi miyezi 12 n'kulonjeza chaka chimodzi ndi theka. Mu bodi simusowa mlimi wodziwa mwezi umene mpendadzuwa umatha, ndipo akangogwira bodza limodzi, nambala zanu zonse zasanduka zokayikitsa, ndi zoona zomwe.

Musaiwale ndalama zing'onozing'ono zolowa ndi zotuluka. Zotsalira poyenga mafuta zimagulidwa ndi oweta nkhuku ndi nkhumba, imeneyo ndi ndalama. Mafuta ophikira ogulitsa m'mashopu amafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo kuchipeza kumadya ndalama ndi nthawi. Bodi ikaona kuti mwaganizira mpaka zimenezi, imadziwa kuti nkhaniyi mwaigonera, simunangoitola pa semina.

Bwerani ndi makoteshoni ochokera kwa ogulitsa atatu, ndipo muonetsetse tsiku limene koteshoni iliyonse ithere mphamvu. Katundu wochokera kunja mtengo wake umayenda ndi dola. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anali ndi koteshoni ya mwezi wapitawo anadzuka ali ndi pepala lopanda ntchito. Mamembala a bodi amakumbukira zimenezi bwino lomwe. Auzeni kuti mtengowu ugwira mpaka tsiku lakuti, ndipo ukakwera kupitirira pakuti mudzabwerera kwa iwo musanalipire.

Nkhani yoipa muinene nokha

Izi n'zovuta, koma n'zimene zimamanga dzina la munthu pamaso pa bodi. Ngati malonda atsika, ngati pali matumba amene anaola, ngati wogula wamkulu sanalipire mpaka lero, nenani nokha, poyera, musanafunsidwe. Nenani chimene chinachitika, kuchuluka kwa ndalama zimene zatayika, chimene mwachitapo ndi chimene mukufuna bodi ikuthandizeni. Musakankhire mlandu kwa kalaliki amene sali m'chipindamo kuti adziyankhire. Bodi imatha kukhululukira kuluza, chifukwa pa malonda kuluza kumachitika. Chimene siikhululuka ndi kumva nkhaniyo kwa odita miyezi isanu ndi umodzi pambuyo pake, inu mutakhala nawo pamodzi n'kumamwetulira.

Pa pempho latsopano chitaninso chimodzimodzi. Tchulani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zingagwetse ganizo lanu, monga mvula kuvuta n'kusowa mpendadzuwa, magetsi kuthimathima, kapena mafuta otchipa kudzaza pamsika. Chilichonse chikhale ndi yankho lake, ngakhale laling'ono. Fotokozaninso chimene chichitike bodi ikapanda kuchita kanthu, chifukwa kukhala chete nakonso kuli ndi mtengo wake: mamembala apitiriza kugulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira.

Pali chinthu china chimene sitiyenera kuchibisa. Ngati mmodzi mwa ogulitsa makinawo ndi mlamu wanu, mnzanu wa kutchalitchi kapena mwana wa achimwene anu, ululani musanayambe n'komwe. M'dera laling'ono ubale sungapeweke, ndipo si mlandu. Mlandu ndi kuubisa. Nenani kuti, "A Wapampando, ndidziwitse bodi kuti wogulitsa wachiwiriyu ndi mlamu wanga, choncho posankha wogulitsa ine ndisakhalepo." Madairekitala nawonso lamulo limawafuna kuti aulule pamene nkhani ikukhudza phindu lawo.

Sabata yokonzekera

Msonkhano wa bodi umapambanidwa usanayambe. Funsani mlembi kuti mwapatsidwa mphindi zingati, muli pa nambala iti pa ajenda, ndi tsiku limene mapepala ayenera kufika kwa mamembala. Malamulo a bungwe lanu amanena masiku ake, ndipo kawirikawiri ndi sabata imodzi msonkhano usanachitike. Lembani tsamba limodzi lokha lokhala ndi pempho, mtengo, phindu, zoopsa ndi mawu a chigamulo chimene mukufuna. Zina zonse, makoteshoni ndi mawerengero, zikhale kumbuyo kwa amene akufuna kufufuza. Ngati ena mu bodi amamasuka ndi Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, tsambalo likhale m'chinenero chimenecho, zilembo zikuluzikulu. Kutumiza pa WhatsApp n'kothandiza, koma sindikizaninso mapepala, popeza si onse amene amawerenga bwino pafoni.

Kaonaneni ndi a Wapampando ndi msungichuma tsiku lisanafike. Cholinga si kukagula mavoti, ndipo musanyamule kanthu m'manja. Mukupita kuti akuuzeni pamene nkhani yanu yafooka. Msungichuma akapeza cholakwika pa nambala zanu muli awiri, wakuthandizani. Akachipeza pagulu, nonse mwachita manyazi. A Wapampando nawo sakonda kudzidzimutsidwa pa msonkhano umene akuwongolera okha.

Tsopano mbali ya pakhomo. Madzulo mutatha kudya, imirirani pabalaza n'kulankhula mokweza monga mmene mukalankhulire. Mwana wa ku sekondale agwire foni n'kumawerenga mphindi, kenako abwereze masamu anu onse ndi kakyuleta. Akunyumba kwanu akhale a Wapampando, ndipo asakumvereni chisoni. Akufunseni kuti, "Nanga makinawo akawonongeka, akonze ndani? Zipangizo zake zimapezeka ku Lilongwe kapena mpaka kunja?" Mukamaliza, afunseni agogo kapena aliyense amene sadziwa za ntchito yanu kuti anene chimene mwapempha. Akalephera, vuto si iwo, nkhani yanu sinalunjike. Konzaninso mtundu waufupi wa mphindi 3, chifukwa nthawi zambiri nkhani zoyambirira pa ajenda zimadya nthawi, ndipo mudzangomva kuti, "A Manijala, mwachidule chonde."

Zovala zikhale zochapa ndi zosita usiku womwewo. Ndalama ya thiransipoti ikhale padera, ndipo mufike msanga.

M'chipindamo

Ngati pali pulojekita, masilaidi asapitirire asanu kapena asanu ndi limodzi, lililonse mfundo imodzi. Musatembenukire kukhoma n'kumawerenga zimene anthu akuziona okha. Ndipo konzekani ngati kuti magetsi kulibe: mapepala m'manja mwa aliyense, nambala zikuluzikulu pa fulipichati. Ngati n'kotheka, bweretsani chinthu chogwirika. Botolo la mafuta oyengedwa ku kopaletivi ina, litaikidwa patebulo pambali pa mbale ya mpendadzuwa, aliyense n'kuligwira, kulipendeketsa, kulinunkhiza, limafotokoza zimene masilaidi sangathe.

Lankhulani kudzera kwa a Wapampando, koma maso anu aziyenda kwa onse. Kawirikawiri mu bodi mumakhala mayi kapena bambo wachikulire amene salankhula zambiri, koma akatsegula pakamwa ena onse amatsatira. Musamuiwale poyang'ana okhawo olankhulalankhula. Pa nambala iliyonse yaikulu chepetsani liwiro, itchuleni kawiri, dikirani alembe. Mantha amathamangitsa lilime. Mukamva mtima ukugunda, imani, pumani, imwani madzi. Kwa inu kachetechete ameneyo amaoneka wautali, koma kwa omvera ndi mpata woganiza.

Nthawi yanu ikatha, lekani, ngakhale zitatsala. Kulimbana ndi wotchi ya a Wapampando n'kudziwonongera mlandu.

Mafunso

Theka la nthawi yanu lisiyireni mafunso, chifukwa mitima imatembenukira pamenepo. Bodi imene ikufunsa kwambiri ndiye kuti nkhaniyo yaigwira. Yoopsa ndi imene yangoti zii.

Mvetserani funso mpaka lithe. Yankhani chimene mwafunsidwa, mwachidule, yankho patsogolo, chifukwa chake pambuyo. Akafunsa kuti, "Kodi ngongoleyi tikwanitsa kubweza mvula ikavuta?" musayambe ndi mbiri ya nyengo. Nenani kuti, "Chaka chimodzi tikwanitsa, pogwiritsa ntchito ndalama za mtedza. Zaka ziwiri zotsatizana sitingakwanitse." Yankho lotere limawawa kulinena, koma ndi limene bodi ingagwiritse ntchito.

Ngati simukudziwa, musapeke. Nenani kuti, "A Wapampando, nambala imeneyo ndilibe pano, ndipo sindikufuna kunamiza bodi. Ndipereka kwa a Mlembi pofika Lachisanu." Lachisanulo likafika, perekanidi.

Nthawi zina wamkulu amalakwitsa nambala, kapena amafunsa mokalipa. Musamuchititse manyazi, komanso musavomere cholakwika chifukwa cha ulemu, pakuti chikalowa m'maminitsi chidzakutsatani. Munganene kuti, "Zikomo bambo, nambala mwatchulayo ndi yoona, koma ndi ya chaka chatha. Ya chaka chino ili pa tsamba lachiwiri." Mwawasungira ulemu, ndipo choona chaima. Mamembala awiri akayamba kutsutsana okhaokha, inu khalani chete, musalowerere. Kuweruza ndi kwa a Wapampando. Ndipo wina akabweretsa ganizo loposa lanu, monga kubwereka makina nyengo imodzi musanagule anu, lilandireni ndi manja awiri. Mutu umodzi susenza denga, ndipo bodi inaikidwa pa chifukwa chimenechi.

Chigamulo chilembedwe

Misonkhano yambiri imatha anthu akugwedeza mitu, aliyense n'kupita kwawo akuganiza zosiyana. Patapita miyezi itatu, manijala akuti munavomereza, bodi ikuti tinangomva. Kuti zimenezi zisakuchitikireni, mafunso akatha bwerezani pempho lanu m'mawu oti mlembi angalembe momwemo: bodi yavomereza kugula makina pa mtengo wosapitirira wakuti, ndalama zichokera kwakuti, osayina ndi akutiakuti, ndipo manijala adzapereka lipoti pa msonkhano wotsatira. Pakhale wopereka ganizo ndi womuvomereza monga mwa malamulo anu, ndipo chiwerengero cha mamembala ofunika kuti chigamulo chigwire ntchito chikhale chokwana. Banki ikamadzakupatsani ngongole idzafuna kuona chigamulo cholembedwa ndi chosayinidwa, osati mawu apakamwa.

Akakupemphani kuti mutuluke kaye kuti akambirane paokha, tulukani mosanyinyirika. Ndi mwambo wa bodi, si chizindikiro chakuti mwalakwa. Maminitsi akatuluka, awerengeni, ndipo ngati nambala kapena mawu alembedwa molakwika, dziwitsani mlembi msanga asanavomerezedwe pa msonkhano wotsatira. Zimene zakambidwa m'chipindamo si zokafotokoza pa bawo kapena pa gulu la WhatsApp, ngakhale kunyumba muzisankha zonena.

Bodi ikakana kapena ikati mudikire, musatuluke mutakwiya. Funsani mwaulemu kuti, "A Wapampando, n'chiyani chimene bodi ikufuna kuona kuti nkhaniyi idzabwerenso?" Lembani zimene ayankhe, kaya ndi koteshoni ina, kaya ndi kalata ya wogula mafuta wotsimikizika, kaya ndi kukaona kopaletivi imene ili kale ndi makina otere. Pemphani kuti nkhaniyo iikidwe pa ajenda ya msonkhano wotsatira, ndipo mlembi alembe tsiku lake musanatuluke.